DOTHI LA M'MAPAKI A M'MIZINDA NDI THANZI LA ANA ATHU

M'sewero la pawailesi limene mutu uno wachokera munamva mkangano wa agogo ndi mpongozi wawo. Agogowo anabwera kuchokera kumudzi kudzacheza kwa mwana wawo m'tauni. Tsiku lina chakumadzulo anatenga kamdzukulu kawo ka zaka 4 n'kupita nako kupaki, malo aja a mitengo ndi udzu kumene anthu a m'tauni amakapitidwako mphepo. Pobwerako mwana anali atatuwa mbuu, dothi m'manja, m'maondo ndi m'tsitsi momwe.

"Amayi, mwanayu mwamulekerera bwanji chonchi? Kodi simudziwa kuti m'dothi muli matenda?" anadandaula mayi a mwanayo.

"Mwananga, bambo ake a mwanayu anakulira m'dothi. Si awa ukuwaona lerowa, anyonga zawo?" anayankha agogo.

Pokambirana seweroli anthu anagawikana pawiri. Ena anaikira kumbuyo mayi uja ponena kuti ukhondo ndiwo umateteza ana. Ena anati agogo ananena zoona, chifukwa ana okulira pasimenti sachedwa kudwala. Nanga inu muli mbali iti? Musanayankhe, werengani zimene akatswiri apeza pankhaniyi. Muona kuti dothi lili pawiri. Lilipo dothi lamoyo limene limathandiza thupi la mwana, ndipo liliponso dothi loipitsidwa limene limadwalitsa. Udindo wanu monga kholo ndi kudziwa kusiyanitsa awiriwa.

KODI M'DOTHI MULI CHIYANI?

Mukatapa dothi lakuda la pansi pa mtengo, mumaona mchenga, timizu, masamba oola, mwinanso nyongolotsi kapena chiswe. Koma zamoyo zambiri za m'dothimo sizioneka ndi maso. Zimaoneka ndi makina okulitsa zinthu otchedwa maikulosikopu. M'mutu uno tizizitchula kuti tizamoyo. M'gulu limeneli muli mabakiteriya, nkhungu za mtundu wa bowa, ndere zing'onozing'ono ndi tinyama ta selo imodzi. M'kasupuni kamodzi ka tiyi ka dothi lachonde mungathe kukhala mabakiteriya oyambira 100 miliyoni mpaka 1 biliyoni.

Ambiri tikamva za tinthu tosaoneka ndi maso timaganiza za matenda basi. Zoona zake n'zakuti toyambitsa matenda, timene timati tizirombo, ndi tochepa kwambiri poyerekeza ndi tonse. Tizamoyo tambiri ndi tothandiza. Ndito timasasitsa chambiko, ndito timafufumitsa buledi. M'nthaka timaoletsa masamba ndi mapesi kuti asanduke manyowa. Mukazula mtedza kapena soya mumaona timatuza pamizu yake. M'timatuzamo mumakhala mabakiteriya amene amatenga nayitirojeni wa mumpweya n'kudyetsa mbewuyo. Ngakhale kafungo kabwino kaja kamene kamamveka chizimalupsa chikagwa panthaka youma kamapangidwa ndi mabakiteriya a m'dothi otchedwa Streptomyces.

Thupi lanu nalonso ndi mudzi wa tizamoyo. Timakhala pakhungu, m'mphuno, m'kamwa, makamaka m'matumbo, ndipo kuchuluka kwake kumafanana ndi kwa maselo a thupi lenilenilo. Mwana amalandira toyamba kwa mayi ake pobadwa ndi poyamwa. Tina amatitola kwa abale ake, ku ziweto, m'zakudya ndi pamalo pamene amasewerera.

KODI DOTHI LA MUMZINDA LINGAKHALE LAMOYO?

Mwina mukuganiza kuti dothi lamoyo limapezeka kumudzi ndi m'nkhalango mokha. Akatswiri ena anafuna kuona ngati zimenezi n'zoona, ndipo anasankha mzinda wa New York ku America, umene uli ndi nyumba zitalizitali ndi anthu oposa 8 miliyoni. Pakati pa mzindawu pali paki yaikulu mahekitala 341 yotchedwa Central Park. Gulu lotsogoleredwa ndi mayi Kelly Ramirez linatapa dothi pamalo 596 osiyanasiyana m'pakiyi n'kukaliyeza. Zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2014.

Anapezamo mitundu yoposa 120,000 ya mabakiteriya ndi tina tofanana nawo, ndiponso mitundu yoposa 40,000 ya nkhungu ndi tizamoyo tina. Kuchuluka kwa mitunduyi kunali pafupifupi kofanana ndi kumene anapeza ataphatikiza dothi lochokera m'nkhalango, m'zipululu ndi m'madera ozizira a padziko lonse. Mwa mitundu 100 iliyonse, yoposa 80 inali isanalembedwepo m'kaundula wa akatswiri. Choncho anthu amene amadya chakudya chamasana atakhala paudzu m'pakiyi amakhala atatsamira zamoyo zimene palibe anazipatsapo dzina.

M'chaka cha 2021 gulu lina, lotsogoleredwa ndi bambo Manuel Delgado-Baquerizo a ku Spain, linafalitsa zimene linapeza m'mapaki ndi m'minda ya maluwa ya m'mizinda 56 ya m'maiko 17. Nalonso linaona kuti mapaki ali ndi tizamoyo tambiri. Koma linaonanso zinthu ziwiri zofunika kuziganizira. Choyamba, tizamoyo ta m'mapaki a maiko otalikirana tikunka tifanana, chifukwa anthu kulikonse amabzala kapinga wofanana, kumutchetcha, kumuthirira ndi kumuthira feteleza mofanana. Chachiwiri, poyerekeza ndi thengo loyandikana nalo, dothi la m'mapaki linali ndi zizindikiro zochulukirapo za tizirombo todwalitsa anthu. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kapinga wobiriwira wosalala amakongoletsa maso, koma kukongola pakokha sikusonyeza kuti dothi la pansi pake ndi labwino.

Nanga chimene chimalemeretsa dothi la m'paki n'chiyani? Chachikulu ndi kusiyanasiyana kwa zomera. Mtengo uliwonse ndi udzu uliwonse umatulutsa timadzi take m'mizu ndi kugwetsa masamba a mtundu wake, ndipo zimenezi zimadyetsa tizamoyo tosiyana. Kufupi ndi mzinda wa Adelaide ku Australia, akatswiri anaonetsa m'chaka cha 2020 kuti malo a m'tauni amene anabzalidwanso mitengo ndi zitsamba zachilengedwe anali ndi tizamoyo tofanana ndi ta m'nkhalango yakale, kusiyana ndi malo a kapinga yekhayekha. Dothi limasauka likapondedwa mpaka kuuma gwa, likamasesedwa tsiku ndi tsiku osasiyapo tsamba, likamatenthedwa, ndiponso likamathiridwa mankhwala ophera udzu ndi tizirombo mosasamala.

ASILIKALI A M'THUPI AMAFUNIKA KUPHUNZIRA

Kuti mumvetse mmene dothi limakhudzira thanzi, kumbukirani za chitetezo cha m'thupi. M'magazi mwathu muli maselo amene timawatchula kuti asilikali a m'thupi. Ntchito yawo ndi kulimbana ndi tizirombo tikalowa. Koma mwana sabadwa ndi asilikali odziwa kale zonse. Amayenera kuphunzira kusiyanitsa mdani ndi mlendo wabwino.

Taganizirani za galu wolondera pakhomo. Galu amene anakula akuona anthu osiyanasiyana amadziwa kuti uyu ndi mnansi, uyu ndi mwana wa pakhomo, uyu ndi wakuba. Koma galu amene anakula atatsekeredwa m'khola, tsiku lomasulidwa amaluma aliyense, ngakhale mbuye wake. Asilikali a m'thupi alinso chimodzimodzi. Akapanda kukumana ndi tizamoyo tambiri tosaopsa mwana ali wamng'ono, amatha kuyamba kumenyana ndi zinthu zosalakwa monga mungu wa maluwa, fumbi la m'nyumba, ubweya wa mphaka, mazira kapena mtedza. Nkhondo yopanda pakeyi ndi imene imaoneka ngati ziwengo, khungu loyabwa, chimfine chosatha, ndi mitundu ina ya chifuwa cha mphumu.

Pakati pa asilikaliwa pali gulu lina limene ntchito yake ndi kuletsa anzawo. Lili ngati mkulu wa pabwalo amene amati, "Lekani, ameneyu si mdani." Kukhudzana ndi tizamoyo ta mitundu yambiri kumathandiza kuti oletsawa achuluke ndi kugwira bwino ntchito. Zimenezi zimachitika makamaka m'zaka zoyambirira za moyo. M'mera mpoyamba.

Maganizo amenewa sanabwere tsiku limodzi. M'chaka cha 1989, Dr. David Strachan wa ku London anafufuza mbiri ya ana oposa 17,000 a ku Britain amene anabadwa m'sabata imodzi mu 1958. Anapeza kuti ana okhala ndi akulu awo ambiri m'banja sankavutika kawirikawiri ndi chimfine chobwera ndi mungu. Iye anaganiza kuti matenda amene ana amapatsirana ndiwo ankawateteza. M'chaka cha 2003, katswiri wina wa ku London, Graham Rook, anakonza ganizoli. Anati chimene thupi limafuna si kudwala ayi, koma kukumana ndi tizamoyo timene anthu akhala nato kuyambira kalekale m'dothi, m'madzi ndi pa ziweto. Iye anatitcha abwenzi akale.

Umboni wina unachokera kudera la Karelia, limene linagawidwa pakati pa maiko a Finland ndi Russia. Nyengo ndi mitengo ya mbali ziwirizi n'zofanana. Mbali ya Finland inatukuka msanga ndipo anthu anayamba moyo wa m'tauni, pamene mbali ya Russia anthu ambiri anapitiriza kulima timinda ndi kuweta ziweto pakhomo. Madokotala atayeza ana a sukulu anapeza kuti ziwengo ndi mphumu zinali zochuluka kwambiri kumbali ya Finland. Kenaka mu 2012, Ilkka Hanski ndi anzake anayeza achinyamata 118 a kum'mawa kwa Finland. Amene nyumba zawo zinazunguliridwa ndi nkhalango, minda ndi maluwa akutchire a mitundu yambiri anali ndi mabakiteriya ena a mitundu yochuluka pakhungu, ndipo ndi ochepa mwa iwo amene matupi awo ankadana ndi zinthu.

ZIMENE ZINACHITIKA KUSUKULU ZA MKAKA KU FINLAND

Munthu angafunse kuti, "Kodi mwina ana okhala pafupi ndi mitengo amangokhala ndi moyo wabwino pa zifukwa zina?" Pofuna kuyankha funsoli, akatswiri a ku Finland, Marja Roslund, Aki Sinkkonen ndi anzawo, anachita zoyesera m'mizinda ya Lahti ndi Tampere. Anatenga ana 75 a zaka 3 mpaka 5 a m'sukulu za mkaka 10.

Sukulu zitatu anazisiya ndi mabwalo ake a masiku onse a miyala, mchenga ndi simenti. Zitatu zina zinali zoti ana ake ankapita kale kunkhalango tsiku lililonse. Pa sukulu zinayi zotsalazo anasintha bwalo. Anakadula zibuma za nthaka ya m'nkhalango pamodzi ndi tizitsamba take n'kudzaziyala pabwalo. Anayalanso udzu ndi kuika mabokosi a dothi oti ana azibzalamo mbewu. Ana ankakumba, kubzala, kuthirira ndi kugubuduka mmene ana amachitira.

Patatha masiku 28 anayeza khungu, chimbudzi ndi magazi a anawo. Ana a pamabwalo osinthidwa aja anali ndi mitundu yochuluka ya mabakiteriya ena pakhungu kuposa anzawo a pamiyala. Tizamoyo ta m'matumbo mwawo tinayamba kufanana ndi ta ana opita kunkhalango. M'magazi mwawo, maselo oletsa aja anachuluka, ndipo zizindikiro zoziziritsa kutupa zinakwera poyerekeza ndi zoyambitsa kutupa. Zotsatirazi zinafalitsidwa mu 2020.

Onetsetsani bwino apa. Anawa anali ochepa, nthawi inali mwezi umodzi, ndipo chimene chinayezedwa ndi kusintha kwa m'magazi ndi pakhungu. Dothi si mankhwala ochizira mphumu, ndipo mwana wodwala ayenera kupita kuchipatala. Chimene kafukufukuyu anaonetsa n'chakuti kungosintha malo osewerera kumasintha mmene chitetezo cha mwana chimagwirira ntchito, ndipo kusinthako kumayamba msanga.

Tizamoyoti timafika m'thupi m'njira zapafupi. Timamatirira pakhungu mwana akamakumba. Timauluka ndi kamphepo kochokera pamasamba ndi panthaka yonyowa n'kulowa m'mphuno. Tina timabwera ndi ndiwo zamasamba ndi zipatso za padimba. Sipafunika kuti munthu adye dothi.

CHIFUKWA CHIYANI NKHANIYI IKUTIKHUDZA?

Bungwe la United Nations linanena mu 2018 kuti anthu 55 mwa 100 alionse padziko lapansi ankakhala m'mizinda, ndipo pofika 2050 adzakhala 68 mwa 100. Mizinda ya mu Africa ili m'gulu la imene ikukula mofulumira kwambiri. Mzinda ukamakula, malo a mitengo ndiwo amayamba kutha. Dambo limasanduka mapuloti, bwalo limasanduka msika, pakhomo pamawakidwa simenti mpaka kumpanda. Kwa mwana wobadwira m'malo otere, paki, bwalo la sukulu kapena kamunda ka kuseri kwa nyumba ndiye thengo lokhalo limene angalikhudze.

Mphumu si matenda a ku Ulaya kokha. Kafukufuku amene anatuluka mu 2024 anafunsa ana a sukulu oposa 27,000 m'mizinda 6 ya mu Africa, kuphatikizapo Blantyre ndi Harare. Pafupifupi 12 mwa 100 alionse anali ndi zizindikiro za mphumu, ndipo ambiri mwa iwo anali asanauzidwepo kuchipatala kuti ali ndi matendawa. Zoyambitsa mphumu n'zambiri: utsi wa nkhuni ndi makala, utsi wa galimoto ndi wa fodya, mphemvu, fumbi la m'nyumba, ndiponso kumtundu. Kutalikirana ndi dothi lamoyo ndi mbali imodzi ya nkhaniyi, ndipo ndi mbali imene anthu a m'dera angathe kuchitapo kanthu ndi manja awo.

MANKHWALA AMENE ANACHOKERA M'DOTHI

Pali njira inanso imene tizamoyo ta m'nthaka tapulumutsira miyoyo. Polimbirana chakudya, timapanga timadzi topha tinzake. Anthu anaphunzira kutenga timadzi timeneti n'kupanga mankhwala.

Mankhwala oyamba amene anagonjetsa chifuwa chachikulu cha TB, otchedwa streptomycin, anapezeka mu 1943 ndi Albert Schatz ndi Selman Waksman pa yunivesite ya Rutgers ku America, kuchokera ku mabakiteriya a m'dothi. Rifampicin, amene odwala TB amamwa masiku ano, gwero lake ndi mabakiteriya amene anapezeka mu 1957 m'dothi la m'nkhalango ya paini ku France. Ivermectin anachokera ku dothi limene Satoshi Omura anatapa pafupi ndi bwalo la gofu ku Japan m'zaka za m'ma 1970. Omura ndi William Campbell analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchitoyi. Ivermectin ndi mankhwala omwe aja amene akhala akugawidwa m'midzi ya ku Thyolo, Mwanza ndi maboma ena polimbana ndi matenda oyabwa ndi ochititsa khungu obwera ndi tintchentche takuda ta m'mitsinje.

Dothi la m'mapaki nalonso likufufuzidwa. Mu 2016 akatswiri a pa yunivesite ya Rockefeller anayeza dothi lotapidwa pamalo 275 m'mapaki a mu New York. Anapeza kuti mabakiteriya ake ali ndi luso lopanga timadzi tofanana ndi mankhwala ambiri odziwika, komanso tina tambiri tachilendo. Popeza tizirombo tambiri tayamba kusamva mankhwala amene tili nawo, dothi lotere ndi nkhokwe yosayenera kuitentha.

NANGA MANTHA A MAYI UJA?

Mayi wa m'sewero uja sanalakwe kuda nkhawa. M'dothi mungathe kukhala zoopsa izi:

1. Njoka zam'mimba. Mazira ake amatuluka ndi chimbudzi cha munthu. Pamalo pamene anthu amadzithandiza patchire, mazirawo amakhala m'dothi nthawi yaitali. Ena amalowa kudzera m'kamwa, ndipo ana a njoka zina amaboola khungu la kuphazi. Zimachepetsa magazi, kupinimbiritsa mwana ndi kumulepheretsa kuphunzira bwino. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 1.5 biliyoni ali ndi njoka zoterezi.

2. Njoka za agalu ndi amphaka. Mazira ake amachokera ku ndowe za nyamazi, ndipo amapezeka m'mapaki ndi m'milu ya mchenga ngakhale m'maiko olemera. Nthawi zina amaononga diso la mwana.

3. Kafumbata. Tizirombo take timakhala m'dothi ndi m'ndowe kulikonse, ndipo timalowa pabala, makamaka lobayidwa ndi msomali, minga kapena botolo losweka.

4. Matekenya. Amakonda fumbi louma la pamalo okhala anthu ndi ziweto.

5. Mtovu ndi ziphe zina. Dothi la pafupi ndi migodi, mafakitale, malo oswera mabatire ndi kudzala likhoza kukhala ndi mtovu umene umaononga ubongo wa mwana. Ku Kabwe m'dziko la Zambia mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma dothi la m'makomboni oyandikana nawo linatsala ndi chiphe chimene chapezeka chochuluka m'magazi a ana ambiri.

Mukayang'anitsitsa mndandandawu muona kuti zoopsa zambiri zimabwera ndi zimene ife anthu timataya m'dothi: chimbudzi, ndowe za agalu, mabotolo, misomali ndi ziphe. Dothi ndi uve ndi zinthu ziwiri zosiyana. Dothi la pansi pa mtengo, pamene pali masamba oola ndi nyongolotsi, ndi lamoyo. Matope a m'ngalande, a kuseri kwa chimbudzi ndi a kudzala ndi uve. Agogo aja ankanena za loyambalo, ndipo mpongozi wawo ankaopa lachiwirilo.

MAFUNSO AWIRI AMENE ANTHU AMAFUNSA

Kodi ndiye kuti tileke kusamba m'manja? Ayi ndithu. Kusamba m'manja ndi sopo pochokera kuchimbudzi, mukasintha mwana thewera, musanakonze chakudya ndiponso musanadye kumateteza ku kolera, kutsekula m'mimba ndi njoka zam'mimba. Matenda amenewa amapha, ndipo saphunzitsa thupi chilichonse chabwino. Mwana asewere padothi labwino, kenaka asambe m'manja asanadye. Katemera, madzi abwino ndi chimbudzi zikhale patsogolo nthawi zonse.

Kodi kudya dothi, monga amachitira amayi ena oyembekezera, n'kothandiza? Ayi. Dothi lodyedwa lingathe kukhala ndi mazira a njoka ndi mtovu, limadzimbiritsa, ndipo limalepheretsa thupi kulandira ayironi wa m'zakudya. Kulakalaka dothi kawirikawiri kumayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi. Ngati muli ndi chilakolako chotere, auzeni anamwino kusikelo.

ZIMENE MUNGACHITE MONGA KHOLO

1. Lolani ana kusewera kunja, pamalo a mitengo ndi udzu, kawirikawiri. Kupitako pafupipafupi kumaposa ulendo umodzi wa pa Khirisimasi.

2. Yambani mwaona malowo. Ngati pali chimbudzi cha anthu, ndowe za agalu, mabotolo osweka, madzi oima kapena zinyalala, funani malo ena.

3. Ana avale nsapato kapena masilipasi pamalo pamene simukupadziwa bwino. Manja ndiwo azigwira dothi.

4. Onetsetsani kuti mwana analandira katemera yense, ndipo alandire mankhwala a njoka zam'mimba akamaperekedwa kuchipatala kapena kusukulu.

5. Mwana akavulala, tsukani bala ndi madzi abwino ndi sopo. Musaikepo dothi, phulusa kapena ndowe. Ngati bala ndi lakuya, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

6. Wengani zikhadabo za ana. Khanda lokwawa muziliyang'anira kuti lisaike dothi m'kamwa.

7. Musawake simenti pakhomo ponse. Siyani kamalo ka masamba, mtengo wa zipatso ndi dzenje la manyowa, ndipo mwana akhale ndi kamzere kake kobzala ndi kuthirira. Ngati malo palibe, matumba kapena zidebe zakutha zodzaza dothi ndi manyowa zimakwanira.

8. Munthu amene chitetezo chake chatsika kwambiri, kapena ali ndi zilonda, afunse achipatala asanagwire ntchito ya manyowa ndi fumbi lambiri.

ZIMENE MUNGACHITE MONGA ANTHU A M'DERA

Mutu umodzi susenza denga. Paki kapena bwalo la ana silingasamalidwe ndi banja limodzi. Kambiranani ndi amfumu, akomiti ya sukulu, alangizi a zaumoyo ndi akhonsolo pa mfundo izi:

1. Malo amene anasiyidwa kuti akhale opumulirako asagawidwe mapuloti, ndipo asasanduke kudzala.

2. Pakhale chimbudzi ndi posambira m'manja pafupi. Popanda chimbudzi, paki imasanduka gwero la njoka zam'mimba.

3. Nyengo yobzala mitengo ikafika, bzalani mitundu yambiri, makamaka yachilengedwe monga mbawa, mkuyu, msuku, mthethe ndi masau, pamodzi ndi zitsamba ndi udzu wosiyanasiyana. Mtundu umodzi wokha sukwanira.

4. Sesani mapepala, mapulasitiki ndi mabotolo, koma masamba asiyeni pansi pa mitengo kapena akwirireni m'dzenje la manyowa. Musawatenthe. Moto umapha zamoyo za pamwamba pa nthaka, ndipo utsi wake umadzutsa mphumu. Ngati mukuopa njoka ndi udzudzu, tchetchani udzu wa m'mbali mwa njira ndi pafupi ndi nyumba, ndipo kwirirani zithaphwi.

5. Lambulani tinjira todutsamo kuti anthu asapondeponde paliponse.

6. Eni agalu aziwamanga, aziwapatsa mankhwala a njoka ndi katemera wa chiwewe, ndipo azichotsa ndowe zawo.

7. Pasukulu, makamaka ya mkaka, pakhale dimba la ana ndi mitengo ya mthunzi m'malo mwa bwalo la fumbi lokhalokha.

Kumapeto kwa sewero lija, agogo ndi mpongozi wawo anapita limodzi kukaona pamene mwana ankasewera. Pansi pa mitengo panali pabwino, koma chakumpanda anapeza mulu wa zinyalala ndi matewera otayidwa. Anagwirizana kuti mwana azipitabe, azisamba m'manja akabwerako, ndipo nkhani ya zinyalalazo akaitule kwa amfumu. Inunso pitani mukaone pamene ana anu amasewera.

MAFUNSO OKAMBIRANA PAGULU

1. Kodi ana a m'dera lanu amasewera kuti? Dothi la pamalopo ndi lamoyo kapena loipitsidwa? Mwadziwa bwanji?

2. Kodi alipo malo a mitengo amene munkasewerapo muli ana koma lero kulibe? Anatha bwanji?

3. Mungamufotokozere bwanji mnansi wanu kusiyana kwa dothi ndi uve?

4. Ndi chinthu chimodzi chiti chimene gulu lanu lingachite mwezi uno kuti ana akhale ndi malo abwino osewerera? Adzatsogolera ndani, ndipo mudzayamba liti?